Katundu Wolemera Wabwerera Yekha

Mwana wanga wokondedwa,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako, wa amuna ako, ndi wa kamunthu katsopanoko kamene mpaka lero ndangokaonera pa foni. Kakuyamwa bwino? Kakukupatsako mpata wogona? Nanga iweyo thupi labwerera m'malo? Kuno tadzuka bwino. Bondo langa limangodandaula kukazizira, koma likuyenda. Amayi ako ali bwino kwambiri. Kunena zoona, masiku ano ali ndi mphamvu zoposa zimene nyumba ino ingakwanitse.

Udabwa kuona kalata pomwe foni ilipo. Nkhani ili apayi si ya pa foni. Ukanandidula pakamwa ndi kuseka ndisanafike pakati, komanso ukudziwa kuti m'nyumba muno ukamalankhula pabalaza, mawu amakafika kukhitchini asanafike kwa amene ukulankhula naye.

Mwezi watha tinakuuza kuti talephera kufika chifukwa njinga yamoto yavuta panjira. Ndinanena ndine. Amayi ako utawafunsa anangoti, "Wamva zimene anena abambo ako." Mwana wanga, linali bodza. Njinga ilibe vuto ngakhale limodzi. Anavuta ndi woyendetsa.

Ndiyambire kuchiyambi, ndipo usaseke mokweza, ungadzutse mwana.

Ukudziwa kuti chipumireni pa ntchito ku depoti ndakhala ndi khumbo limodzi lokha: kukwera njinga yamoto ndi amayi ako, tenti kumbuyo, kuyenda ulendo wautali n'kumagona pomwe dzuwa latilowera. Utabereka ndinati mpata ndi umenewu, masiku atatu pamsewu, mdzukulu kumapeto kwake. Amayi ako anati basi ilipo, ili ndi denga, ili ndi mipando. Ndinawanyengerera milungu iwiri. Potsiriza anavomera, ati chifukwa akandisiya ndipite ndekha ndikasochera kutchire n'kuwachititsa manyazi pa wailesi.

Mavuto anayambira pa kulongedza.

M'kabuku ka njinga analembamo kulemera kumene njingayo ingathe kusenza, anthu ndi katundu pamodzi. Munthu wina akanangotsegula tsamba lina. Koma ine ndayeza matumba zaka makumi atatu ndi ziwiri, dzina loti aSikelo silinandigwere chabe. Ndinatulutsa sikelo yanga yakale m'shedi, ndinaipukuta, ndinaiika pakhonde, n'kulengeza kuti chilichonse chofuna kukwera njinga chiyambe chadutsa apa.

Makaniko wa pakona uja, mnzanga wa mano awiri, anabwera kudzandiphunzitsa kamangidwe. Anati zolemera zikhale pansi ndiponso pafupi ndi pakati pa njinga, zopepuka pamwamba. Zikwama za m'mbali zilemere mofanana, apo ayi njinga izikokera mbali imodzi ngati munthu woledzera. Kanthu kasakhudze paipi ya utsi, chingwe chisalendewere kufupi ndi tayala. Ndipo anati ukamanga ndi malegeni ugwedeze katunduyo ndi mphamvu zako zonse, chifukwa chogwedera pakhomo chidzagwa pamsewu. Zonsezi ndinalemba m'kabuku kanga.

Ine ndinasonkhanitsa zanzeru: tenti, zikhomo zake ndi nyundo yokhomera, kamatiresi kopyapyala, mabulangeti awiri, kasitovu ka gasi, poto mmodzi, ketulo, makapu awiri, tochi, pampu, masipanala ndi chubu chapadera. Zovala, ziwiriziwiri basi.

Kenako amayi ako anatuluka ndi zawo. Sutikesi yaikulu ija tinapita nayo ku ukwati wako. Beseni losambitsira mwana. Simbi. Mapilo awiri. Mabulangeti a mwana amene akhala akuluka chimvereni kuti ndiwe woyembekezera. Nsapato mapeyala atatu. Chithunzi cha agogo ako ndi felemu yake, ati mdzukulu awadziwe msanga. Ndi duwa la m'chitini lija limakhala pawindo, ati ukalibzale kwanuko. Ndinawafunsa ngati ndiitane lole. Anati ndiitane, mwina dalaivala wake ndi munthu wocheza naye bwino.

Tinakokana masiku atatu. Za simbi ndinawauza kuti mitengo ya kutchire ilibe polumikiza magetsi. Anati iwo sakafika kwa apongozi ako ndi diresi looneka ngati latafunidwa ndi ng'ombe. Ndinakana ndithu, simbi inabwerera m'nyumba. Sutikesi inabwerera, mapilo anabwerera, agogo ako anabwerera pakhoma. Pa beseni ndiye anaponda phazi, anati likatsala iwonso atsala. Ndinaligonjera, poti n'lopepuka, n'kulivundikira pamwamba pa katundu yense ngati chipewa.

Usaganize kuti ndinkapondereza iwo okha. Nanenso ndinadzimana. Juzi yanga ya ubweya ndinaisiya, inalemera magalamu mazana asanu ndi atatu. Mankhwala anga a kuthamanga kwa magazi ndinangotapako ochepa n'kukulunga m'kapepala, botolo n'kulisiya. Mswachi wanga ndinaudula chogwirira. Amayi ako anayang'ana mswachiwo nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine.

M'mawa wa tsiku lonyamuka anthu a m'nyumba zoyandikana anabwera kudzatitsanzika. Analipo makaniko, analipo aneba athu aja a kuseri kwa mpanda amene nkhani ikawafika m'mawa, masana imakhala ili kumsika. Katundu yense anali atayezedwa, atamangidwa, atagwedezedwa. M'kabuku munatsala mizere iwiri yokha: ine ndi amayi ako.

Ndinakwera pa sikelo, ndinalemba. Kenako ndinawapempha iwo. Anati ndisachite zachibwana pamaso pa anthu. Ndinati kabuku ka njinga sikadziwa manyazi. Anandiyang'ana ndi diso lija iwenso umalidziwa, koma anakwera.

Mwana wanga, ku depoti ndinkati ndikayeza thumba ndinkafuula nambala kuti kalaliki wokhala kumapeto kwa shedi amve. Zaka makumi atatu ndi ziwiri. Pakamwa panangotseguka pokha.

"Makilo 87!"

Ndipo ngati kuti sizinakwane, ndinaonjeza kuti, "Kuchotsapo nsapato." Kenako ndinalemba nambalayo pamzere wotsatira ketulo.

Aneba anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Makaniko mwadzidzidzi anafuna kuona ngati matayala ali ndi mpweya wokwanira. Amayi ako anatsika pang'onopang'ono, anakonza diresi, n'kundifunsa ndi mawu otsika kwambiri ngati ndamaliza kuyeza katundu wanga. Amenewo anali mawu awo omaliza kwa ine m'mawa umenewo.

Tsopano umvetse mmene tinakhalira panjinga, chifukwa mlandu wanga wonse wagona pamenepa. Kamatiresi kanasowa malo. Ndinakakulunga n'kukaimika pakati pa ine ndi amayi ako, kumangirira ku mpando, kuti iwo azikagwira. Choncho pamsana panga ndinkamva matiresi, osati munthu. Magalasi oonera kumbuyo ankangoonetsa zikwama ndi milomo ya beseni. Mafoni athu onse awiri ndinawakulunga m'pepala la pulasitiki poopa mvula n'kuwaika pansi penipeni, limodzi ndi masipanala. Ndipo poti m'helemeti munthu samva bwino, ndinawaphunzitsa zizindikiro: kundigogoda paphewa kawiri ndiye kuti tiyeni, katatu ndiye kuti imani.

Tinayenda maola atatu osagogodana. Njinga inkayenda molemera ndithu, pachitunda inkalira ngati mbuzi yomangidwa, koma palibe chinagwa. Cha m'ma 11 koloko tinaima pa malo omwetsera mafuta. Amayi ako anatsika kupita kuchimbudzi. Ine ndinakhalabe panjinga, poti ndikatsika ndi katundu yenseyo kukweranso ndi nkhondo. Mayi womwetsa mafuta anadzaza thanki. Patapita kanthawi ndinamva njinga ikutsika kumbuyo, ndinadziwa kuti akwera. Lole ina inali kulira pambali pathu. Ndinamva njinga ikugwedezeka pang'ono, ndinati akukhazikika bwino. Kenako paphewa panga: go, go.

Ndinanyamuka.

Titangolowa mumsewu ndinaona kusintha. Njinga inali yopepuka ngati nthenga. Chitunda choyamba inangochikwera osatsokomola. Pokhota inkagona bwinobwino n'kudzuka yokha. Ine, munthu amene ndinkati ndikanyamula thumba ndi dzanja limodzi ndinkadziwa kuti mwachepa makilo awiri, ndinamva zonsezi n'kunena mumtima kuti: waona aSikelo, katundu wakhazikika, uku ndiye kumanga. Ndinadziyamikira, mwana wanga. Ndinalakalaka makaniko akanakhalapo kuti aone.

Mtima utasangalala choncho, ndinaganiza zokonza za m'mawa zija. Ndinatsokomola, n'kunena mokweza kuti, amayi, pa sikelo paja ndalakwa. Sanayankhe. Ndinati zili bwino, akumvetsera, akanakhala okwiya kwambiri akanandigogoda katatu.

Ndiye ndinapitiriza. Sindikudziwa chinandigwira n'chiyani. Mwina ndi mphepo, mwina ndi chifukwa sindinkawaona nkhope. Ndinawauza kuti m'zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi za banja lathu sindinawatengerepo kwina kulikonse kupatula ku maliro ndi kuchipatala, ndipo ulendo uno ndinaupangira iwo, osati njinga. Ndinawauza kuti nthawi ija ndinagonekedwa m'chipatala, iwo anagona pa katoni pansi pa bedi langa masiku khumi ndi asanu ndi anayi, ndipo sindinathokoze chifukwa sindinkadziwa poyambira. Ndinawauza kuti nditapuma pa ntchito chimene ndinkaopa kwambiri n'chakuti tsopano azindiona tsiku lonse, ndipo azindikira kuti anakwatiwa ndi munthu wosakoma kucheza naye. Ndinawauzanso kuti m'mawa ndikadzuka iwo asanadzuke, ndimayamba ndamvetsera ngati akupuma, kenako m'pamene ndimafuna masilipasi.

Titafika pokhota pena, kamatiresi kanatsamira pamsana panga mofewa. Ndinati mtima pansi, andikhululukira. Misozi inatsika m'helemeti, ndipo m'helemeti mulibe popitsa dzanja. Ndinawaimbiranso nyimbo ija tinkavina tili pachibwenzi, mavesi onse.

Makilomita makumi asanu ndi limodzi, mwana wanga.

Kenako tinafika pamene apolisi anatchinga msewu. Wapolisi wamkazi anakweza dzanja. Anaona laisensi, anazungulira njinga, anakoka malegeni awiri atatu, n'kunena kuti sanaonepo katundu womangidwa bwino chonchi chiyambireni ntchito. Ndinatupa ndi kunyada. Kenako anafunsa kuti munthu wamkulu ngati ine ndikupita kuti ndekhandekha ndi beseni la mwana. Ndinaseka, ndinati sindili ndekha, ndili ndi akazi anga. Ndinapendeketsa mutu n'kunena kuti, "Amayi, apatseni moni abwana."

Wapolisi uja anayang'ana kumbuyo kwanga. Anayang'ana ine. Anayang'ananso kumbuyo kwanga.

"Abambo, akazi anuwo ndi ati pamenepa?"

Mmene ndinatsikira sindikukumbuka. Pampando panalibe munthu. Ndinazungulira njinga. Ndinasuzumira kuseri kwa kamatiresi. Ndipo ichi ndikuuza iwe wekha: ndinamasula legeni n'kutukula beseni. Mpaka lero sindikudziwa chimene ndinkayembekeza kupeza pansi pake.

Apa ndiye kuseka kuthe kaye, chifukwa ine sindinaseke. Chimene chinabwera m'mutu mwanga n'chakuti agwa. Agwa pokhota pena ine ndili kalikiliki kuimba. Ndinatembenuza njinga wapolisi akufuula zina kumbuyo, za foni sindinaganize n'komwe. Ndinabwerera pang'onopang'ono, maso m'ngalande, kumaima paliponse pamene udzu unali wogona, kumaitana dzina lawo lenileni limene sindinalitchulepo chibadwire iwe. Pamalo ena ndinaona chinthu chobiriwira ngati diresi lawo chitakodwa paminga kunsi kwa mlatho. Ndinatsetsereka ndi matako mpaka pansi. Linali thumba long'ambika. Ndinakhala pamenepo kanthawi, ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha thumba.

Ndinafika pa malo omwetsera mafuta aja dzuwa litapendeka. Mayi womwetsa uja atangoona beseni anayamba kuitana anzake onse kuti abwere adzandione.

Anandifotokozera zonse. Amayi ako anakweradi, koma anakumbukira kuti aiwala magalasi awo a maso posambira m'manja, ndiye anatsikanso. Anandiuza kuti ndidikire, koma lole ija inameza mawu. Amene anandigogoda kawiri anali mayi womwetsa mafutayo, kutanthauza kuti ndisunthe pang'ono galimoto ya kumbuyo ifike pa pampu. Amayi ako potuluka anangoona beseni likuchepa kumapeto kwa msewu. Ati anakupiza helemeti m'mwamba, anafuula, kenako anaima chilili ngati chipilala.

Mayi uja anawapatsa mpando ndi tiyi. Ati poyamba anali odekha, anauza anthuwo kuti musadandaule, bambowo amawerenga katundu wawo pafupipafupi, akazindikira kuti china chasowa. Anabwereka foni n'kundiimbira. Inkalira pansi pa masipanala. Anadikira ola limodzi ndi theka. Kenako kunabwera lole ya kabichi yolowera kwathu, anakambirana ndi dalaivala, anakwera kutsogolo helemeti ili kumutu. Ndipo anasiya uthenga. Mayi uja anaimirira bwinobwino kuti aunene mmene anauzidwira:

"Akabwera mudzawauze kuti katundu wolemera wabwerera yekha."

Ndinafika pakhomo dzuwa likulowa. Chitseko chokhoma, wailesi ikulira m'kati, fungo la ndiwo likutuluka pawindo. Ndinagogoda kawiri, kenako ndinakumbuka tanthauzo lake, ndinagogoda katatu. Windo linatseguka pang'ono. Anati munthu amene wakhala akulira tenti chaka chonse, tenti ali nayo, bwalo lilipo. Windo linatsekeka.

Ndinamasula katundu pakati pa mtengo wa gwafa ndi chingwe choyanikira zovala. Ndinafuna nyundo, palibe. M'malo mwake, yokulungidwa bwinobwino m'bulangeti, ndinapeza simbi. Ndinapita nayo pawindo kukafunsa. Anayankha osatsegula n'komwe, ati simbi ingathe kukhoma zikhomo, koma nyundo singasite malaya. Ndinakhoma zikhomo ndi simbi. Imakhomadi.

Koma m'chikwama cha kumanzere ndinapezamo zina. Juzi yanga ya ubweya inali momwemo. Botolo lonse la mankhwala anga linali momwemo, m'kati mwa sokosi. Ndinafufuza chimene anachotsa kuti zimenezi zilowe, ndinapeza kuti ndi nsapato zawo za kutchalitchi, zimene ankafuna kukafika nazo kwa apongozi, ndi diresi lawo lachiwiri. Ndinakhala pansi pakhomo pa tenti, juzi ili m'manja. Kunazizira tsiku limenelo. Ndinaivala.

Ndinagona m'tenti masiku khumi ndi limodzi. Ndaphunzira zambiri za moyo wa kutchire osatuluka pa geti. Ndaphunzira kuti tenti saikhoma pomwe madzi a padenga amagwera. Ndaphunzira kuti kamatiresi kopyapyala kamadziwa mwala uliwonse wa pabwalo ndipo kamakuuza. Ndaphunzira kuti nkhuku za aneba zimadziwa kulowa pa zipi yosatseka bwino. Aneba eniakewo m'mawa uliwonse ankasuzumira pampanda n'kufunsa kuti alendo a kutchire adzuka bwanji, ndipo afika dera liti lero.

Chakudya chokha amayi ako sanandimane ngakhale tsiku limodzi. Chinkatuluka pawindo, chovundikira, chotentha. Mbale ikabwerera ndi zotsala, windo linkatseguka n'kufunsa ngati ndadwala. Ndikati ayi, linkatsekeka.

Tsiku lachisanu ndinalimba mtima. Pobweza mbale ndinawauza kuti panjira paja ndinawalankhula mawu ambiri abwino, kungoti sanalipo. Anatsegula windo lonse, anatsamira pa zigongono, anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti alipo tsopano, ndinene. Mawu onse aja anathawa. Ndinangoti anali ambiri ndithu, ena aatali. Anadikira. Ndinati mitambo ikuoneka ngati kugwa mvula. Anati ndiye ndikafunse matiresi anga andibwezere mawuwo, poti ndi amene anawalandira.

Tsiku la khumi ndi chiwiri ndinachokera kumsika n'kupeza m'shedi mulibe njinga. Ndinati akuba andimaliza. Ndili pafupi kukuwa, ndinamva injini kumsewu. Njinga yanga inalowa pa geti, inazungulira tenti bwinobwino osakhudza chingwe ngakhale chimodzi, n'kudzaima chala chimodzi kuchokera pa nsapato yanga. Woyendetsa anatsitsa sitandi ndi chidendene ngati munthu wobadwira panjinga. Anavula helemeti.

Anali amayi ako.

Pali chinthu chimene iwe sukudziwa, ndipo wolakwa ndine. Ndisanawakwatire, amayi ako anayendetsa njinga yamoto zaka zinayi. Ankayendera alimi kukabaya katemera nkhuku ndi mbuzi, m'misewu ya matope imene ine sindingayerekeze n'komwe. Ali ndi pakati pa mchimwene wako ndinawaletsa, ndinati n'zoopsa. Atabereka ndinati mwana akule kaye. Kenako unabwera iwe. Kenako nkhaniyo inangofa, ndipo ine ndinaiika kumalo kumene ndimaika zinthu zimene sindifuna kukumbuka. Nditagula njinga ino sindinawafunse ngakhale kamodzi ngati akufuna kuigwirako.

Ndinamva kuti masiku onse amene ine ndinkapita kumsika, iwo ankatulutsa njinga n'kukazolowera ku bwalo la mpira, makaniko akuwayang'anira. Mnzanga wa mano awiri yemweyo, amene madzulo ankabwera kudzakhala pakhomo pa tenti n'kumandipepesa! Laisensi yawo yakale anakaikonzetsanso. Ndipo anandiuza kuti pa ulendo uja, pambuyo pa sikelo, chimene chinawawawa kwambiri chinali kumva mmene ndimasinthira magiya. Ati maola atatu onse ankangoipepesa njingayo chamumtima.

Anakhala pa mpando wa njinga, ine chilili ndi jumbo ya tomato, n'kundiuza chigamulo. Anati mdzukulu wawo sadikira mpaka ayambe kuyenda. Tinyamukanso Loweruka, pa njinga yomweyi, ndi tenti yomweyi, chifukwa akufuna kuona chimene ndinkachilira. Koma woyendetsa ndi iwo.

Ndinatsegula pakamwa, anakweza chala.

"Poti inu abambo mumatha kulankhula ndi munthu pokhapokha musakumuona nkhope, mukhala kumbuyo kwanga. Msana wanga ndi uwu, masiku atatu. Pakati pasakhale matiresi. Muyambire pomwe munayambira, ndipo nyimboyo musaidumphe."

Ndinavomera. Ukanatani iwe?

Ndabwerera m'nyumba tsopano, ngakhale kuti mpaka pano ndafika pabalaza pokha. Dzulo amayi ako analongedza okha. Ndinaika madzi a tiyi pamoto, pomwe amawira anali atatha. Kamatiresi anakagoneka chopingasa pa kaliyala, tenti pansi pake, beseni analidzaza mabulangeti a mwana n'kulimanga chagada, duwa la m'chitini lili pakati. Ndinagwedeza ndi mphamvu zanga zonse, ndikufunitsitsa kuti china chigwedere. Palibe.

Madzulo anandikweza kuti tiyese. Mwana wanga, amayi ako amathamanga. Pokhota sachepetsa, amangogoneka njinga, ine bondo langa lodwala lija kumapita kufupi ndi phula. Ndinawagogoda katatu. Anati zizindikiro zija zinatha ntchito. Ndinawagwira m'chiuno ndi manja onse awiri, ndipo ndinazindikira kuti papita zaka zambiri ndisanawagwire choncho masana anthu akuona. Aneba anali pampanda. Sindinasiye.

Tsopano ndafika pa zimene ndakulemberera.

Choyamba, nkhani iyi ithere kwa iwe. Amuna ako amandilemekeza, amandipatsa mpando wa ndalema ndikabwera. Asamve. Makolo awo ndiye asamve n'komwe. Tikafika n'kuona ine ndikutsika kumbuyo, udzangoti bondo la abambo lavuta.

Chachiwiri, undipempherere kuti mawu aja abwerenso. Ndayesa kuwalemba papepala, akuoneka ngati lipoti la ku depoti. Ndikuopa kuti ndikakhala kumbuyo kwawo ndidzangoyamba za mitambo. Amayi ako ayenera kuwamva, ndipo ndachedwa nawo kale kokwanira.

Chachitatu ndi chimene chikundisowetsa mtendere. Amayi ako anena kuti tikaima pa malo omwetsera mafuta omwe aja, ati akufuna kukapereka moni kwa mnzawo amene anawapatsa mpando. Zimenezo n'zabwino. Koma lero m'mawa andiuza, akumwetulira koyamba m'mwezi wonse, kuti Loweruka tisananyamuke ndimwe tiyi wambiri, makapu atatu ngakhale anayi, kuti ndisazizidwe panjira. Ine si mwana. Ndikudziwa kumene tiyi amatumiza munthu. Foni yanga ulendo uno ikhala m'thumba la malaya. Chonde Loweruka cha m'ma 11 koloko undiimbire. Ndikayankha kuli phokoso la mphepo, dula, zonse zili bwino. Ndikayankha kuli zii, uwaimbire amayi ako mpaka aime, uwauze kuti mdzukulu akufuna agogo onse awiri.

Kalatayi ndipatsira dalaivala wa basi ya mawa m'mawa, ifika ife tisanafike. Ukawerenga uibise kumene amayi ako sangasese.

Undiperekere moni kwa mkamwini wanga ndi kwa apongozi onse. Kamunthuko ukapsompsone pachipumi, ukauze kuti beseni lake layenda kale ulendo wautali kuposa anthu ambiri. Mchimwene wako akakuimbira usamuuze kanthu, amene uja akamva adzandiseka mpaka pa maliro anga. Mulungu akusungeni nonse, akupatse mkaka wambiri ndi tulo tokwanira, ndipo atiyendetse bwino ifenso.

Ndine bambo ako,
amene tsopano ndimakhala kumbuyo.

Ndaiwala chimodzi. Lolemba madzulo ukaona amayi ako akulowa pa geti okha, usayambe ndi kuwalonjera. Uyambe wawafunsa pomwe anamwetsa mafuta komaliza.